Mmene gulu la a Kamwendo linagwera m'manja mwanga

Ana anga, Tadala ndi Mphatso, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimayang'anira kumbali anthu akamanditamanda pa nkhani ya gulu lathu la pa intaneti. Pakamwa sindingathe kukuuzani, mukuwadziwa amayi anu kuti mawu amawathera pakhosi. Kuyambira ndili mtsikana wa pasukulu, zimene zandikanika kunena ndakhala ndikuzilemba madzulo m'kabuku, ndiye izinso ndalemba. Muwerenge mofatsa, ndipo musafulumire kuwaweruza a Kamwendo.

Ku Bowe ndi ku Chezi, zaka za ukalaliki

Nditangomaliza sekondale ndinalembedwa ukalaliki pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Bowe. Ntchitoyo ndinaikonda pa chifukwa chimene sindinauze munthu: ofesi yake inali ndi kawindo kakang'ono, ndipo wobwera ankangoona manja anga. Bwana wanga woyamba anali a Zimba, manijala wamtali amene ankadya ali chiimire. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Mtsikana iwe, ukamayankhula uziyang'ana ine. Nsapato zanga ukuziyang'anazo sizilemba munthu ntchito." Ndinati inde bwana, ndikuyang'anabe nsapatozo.

Matenanti ambiri anali ochokera kutali, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Machinga. Ankafika pa lole mvula isanagwe, ali ndi mphasa, mapoto ndi ana. Mavuto sankatha. Chaka china feteleza anafika fodya atayamba kale chikasu. Chaka china chimanga cha phoso chinatha mvula ili pakati, ndipo azimayi ankaima pakawindo kanga ndi mabeseni opanda kanthu, ine n'kumabisa manja pansi pa tebulo ngati ndine ndadya chimangacho. Koma ntchito imene aliyense mu ofesi ankaithawa inali yotumiza uthenga wa maliro, ndipo popeza sindinkadziwa kukana, a Zimba anandipatsa ineyo.

Muyenera kumvetsa bwino apa. Tenanti akamwalira kuno, eni mudzi sakana kumupatsa malo m'manda mwawo, koma sakumba popanda mawu a kwawo kwa malemuyo. Mwini mbumba, amene kawirikawiri amakhala malume ake, ayenera kunena yekha kuti muikeni konko, kapena kuti tikubwera kudzamutenga. Mukamuika mawu amenewo asanabwere, mlandu umatsala pamutu pa mkazi wake. Achibale amati wamubisa chifukwa akudziwa chimene chamupha, ndipo ana ake sadzapondanso kwawo kwa bambo awo. Nthawi imeneyo ndinkalemba kakalata n'kupatsa kondakitala wa basi, kapena kupita kukapereka uthenga woti aulutse pa wailesi, kenako n'kudikira.

Pambuyo pake anandisamutsira ku esiteti ina ya ku Chezi. Kalaliki amene ndinamulowa m'malo anachotsedwa chifukwa anatumiza uthenga wa maliro atangomva kwa kapitawo. Achibale anachita hayala lole kuchokera ku Mulanje, n'kufika akulira, koma anapeza mwini malirowo ali m'chigafa akusoka fodya. Nkhaniyi anthu ankaiseka, koma ine sinandiseketse. Ndinadziikira lamulo loti sindidzatumiza uthenga wa imfa ndisanayankhule ndi munthu amene anali pambali pa malemuyo pomwalira. Lamulo limeneli ndinalisunga mpaka tsiku lopuma ntchito.

Ku Kasakula, nditapuma

Nditabwerera kwathu ku Kasakula ndinkaganiza kuti zatha, ndizingolima soya ndi kupita ku kwaya. Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi anandiimitsa a Kamwendo, mphunzitsi wamkulu wopuma uja mumamudziwa, wa chipewa cha khaki.

"Mayi Nambewe, ndamva kuti mwapuma. Mwatopa ndi chiyani, ndi cholembera?"

"Zaka zakwana, aphunzitsi."

"Zaka zakwana kwa azungu a fodya. Kwa ine simunayambe n'komwe. Foni yanu ndi yotsetsereka kapena ndi ya mabatani?"

A Kamwendo anali atayambitsa gulu pa tsamba lina la pa intaneti, loti anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi aziuzana zochitika. Wina ankaponya mtengo wa soya, wina kuti mlatho wakokoloka, wina kuti ng'ombe yake yasowa. Analiyamba okha, akukwera pachulu cha kuseri kwa nyumba yawo kuti apeze netiweki, akugula bandulo ndi penshoni yawo, akuyenda m'misika kuphunzitsa anthu kalowedwe kake. Matenanti atalowa anakokanso abale awo a kumwera, ndipo gululo linasanduka njira yachidule yotumizira uthenga wa maliro. N'chifukwa chake ankandifuna.

Oyang'anira gulu, amene anthu amati maadimini, tinali atatu: a Kamwendo, mphwawo Fanuel amene amagwira ntchito ku Joni, ndi ine. Palibe ankatilipira. Kagwiridwe kathu kanali kotere: uthenga uliwonse umene munthu waponya unkayamba waima pakhomo, osaoneka kwa ena, mpaka mmodzi wa ife auwerenge n'kuulola. Zotukwana ndi zabodza zinkathera pakhomopo. Za maliro zonse zinali zanga, ndipo ndinkayamba ndaimba foni. Ndikuuzeni zoona, sindinasangalalepo ndi ntchito ngati imeneyi. Ndinkathandiza anthu ambirimbiri popanda woona nkhope yanga.

Chilimwe cha chaka chimene tinatseka

Kenako kampani ya tsambalo inalengeza malamulo atsopano. Uthenga sudzaimanso pakhomo. Makina awo ndiwo aziulola nthawi yomweyo, ndipo ife tizingofufuta zoipa anthu atawerenga kale. Makina amene sadziwa Chichewa, amene sangaimbe foni ku Bowe kufunsa ngati munthu wamwaliradi.

Tinakumana pakhonde pa a Kamwendo, Fanuel ali pa foni imene tinaitsamiritsa pa kapu. Fanuel anatiuza kuti oyang'anira magulu m'maiko ambiri agwirizana kutseka magulu awo mpaka kampaniyo isinthe maganizo. Anatiwerengeranso chenjezo limene kampaniyo inatumiza: gulu lotsekedwa lidzaperekedwa kwa woyang'anira aliyense amene adzalitsegule, ndipo amene analitseka sadzaloledwanso kuyang'anira.

A Kamwendo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuno apeza ndani? Fanuel ndi magazi anga. Mayi Nambewe ngakhale chitseko cha tchalitchi satsegula asanaodire."

"Nanga maliro akagwa?" ndinafunsa chapansipansi.

"Anthu ankamwalira gulu lisanabwere, amayi," anatero Fanuel. "Ndi masiku ochepa okha. Tikagonja lero, mawa wina aponya kuti inuyo mwamwalira, ana anu ku Lilongwe awerenga musanafufute."

Ankanena zoona, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. A Kamwendo analemba mawu abwino ofotokozera anthu chifukwa chake, n'kutseka gululo.

Masiku angapo atadutsa, mmawa wina ndikusesa pabwalo, ndinaona mayi wachilendo ataima pampanda, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lotentha mmamawa momwe.

"Odi. Ndinu mayi a mauthenga a maliro aja?"

Anati dzina lake ndi Namaona, tenanti wa pa esiteti ina kuseri kwa phiri. Mwamuna wake, a Wiliyamu, anali atamwalira dzulo lake masana, iye ali pambali. Kwawo kwa malemuyo kunali ku Phalombe. Nambala ya malume awo imene anali nayo sinkagwira, ndipo iye kumudziko anangofikako kamodzi, ali mtsikana. Eni mudzi anali atamusonyeza kale malo, adzukulu ali ndi makasu, akungodikira mawu.

Ndinamukhazika pakhonde n'kuimbira a Kamwendo. Sanakalipe. Anati, "Mundipatse mpaka masana. Ndili ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi za uphunzitsi, amakhala ku Phalombe komweko." Ndipo anayesadi, ana anga, musaiwale zimenezi. Anaimba mpaka mayunitsi anawathera, n'kukagula ena. Mnzawoyo anali atasamukira ku Zomba. Anawapatsa nambala ya m'busa wina, m'busayo anati mudzi wa dzina limenelo sakuudziwa bwino, afufuza. Dzuwa lili paliwombo anandiimbiranso.

"Sizinatheke, mayi Nambewe. Tiyeni tipereke ku wailesi. Ndilipira ine."

"Aulutsa mawa, aphunzitsi. Ndipo kaya amva."

"Ndiye mawa lomwelo."

"Kukutentha."

Pa foni ndinkamva nkhuku zawo zikulira. Kenako anati, "Ndikudziwa kuti kukutentha. Koma mwamva chimene analemba aja. Wina akatsegula, ine ndatuluka, Fanuel watuluka, ndipo pakhomo sipadzakhalanso munthu. Ndikupemphani ngati mlongo wanga, dikirani mawa."

Ndinati chabwino.

Namaona anali atakana tiyi, atakana madzi. Sankalira. Anangokhala, manja ali pamiyendo, akuyang'ana foni yanga ngati mmene azimayi aja ankayang'anira kawindo ka ku Bowe. Foni yake ya mabatani inalira, anamvetsera, n'kuibweza m'chitenje.

"Akuti ayamba kuthira madzi pa mchenga umene amugonekapo," anatero. "Akuti ana awatulutsa m'nyumba." Kenako anafunsa mwaulemu kwambiri, "Mayi, amene atseka zimenezi ndi aboma?"

Sindinathe kumuyankha kuti ndife.

Ndinalowa m'nyumba. Ndinadziuza kuti nditsegula pang'ono chabe, ndiponye uthenga umodzi, akapezeka achibale nditsekenso. Ndinadziuzanso kuti kampani yaikulu choncho, yoyang'ana dziko lonse, singaone kagulu ka ku Kasakula katatseguka masana amodzi. Ndinali ndazolowera mabwana aanthu, amene amapita kukadya, amene amaiwala, amene ungawafotokozere. A Kamwendo sindinawaimbirenso, chifukwa ndinkadziwa kuti akanenanso kuti mlongo wanga ndiika foni pansi. Ndinatsegula, n'kulemba dzina la malemu, la malume awo, la mudzi, ndi nambala yanga.

Dzuwa lisanapendeke kwambiri anaimba mayi wina wogulitsa tomato ku Limbe, amene anati malumewo ndi apongozi a mng'ono wake. Posakhalitsa foni inaliranso, ndipo anali malumewo, munthu wokalamba. Ndinamupatsa Namaona, iye anagwada pakhonde pomwepo ngati mkuluyo akumuona.

"Muikeni konko mwana wanga," anatero mkuluyo. "Ife ndalama ya galimoto tilibe. Iwe mayi ulibe mlandu, watiuza. Tikakolola tidzabwera kudzaona pamene wagona."

Pamenepo ndi pamene Namaona anayamba kulira. Anaphimba kumutu ndi chitenje, n'kutuluka pampanda akulira mokweza, kulunjika njira ya kuphiri. A Wiliyamu anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Nditabwerera pa foni kuti nditseke, malo otsekera panalibe. Panali uthenga wachingerezi wondithokoza chifukwa choika anthu patsogolo, ndi kundidziwitsa kuti tsopano mwini gulu ndine. Ndinayang'ana pa maina a oyang'anira. Dzina la a Kamwendo panalibe, la Fanuel panalibe. Linangotsala langa lokha.

Masabata otsatira

Chimene chinandipweteka kwambiri si mawu a Fanuel, ngakhale anali akuthwa. Anatumiza uthenga wa mawu woti, "Zikomo amayi. Malume anakutolani patchalitchi, lero mwawatulutsa m'nyumba yawo. Mulungu akudalitseni." Amenewo ndinawalandira. Chimene chinandipweteka ndi kutamandidwa.

Nkhani ya Namaona inafalikira, ndipo anthu anayamba kulemba pa gulu. Mayi Nambewe ndiye munthu. Mayi Nambewe ali ndi mtima wa Mulungu. Ndipo pofuna kundikweza ine ankaponda a Kamwendo. Wina analemba kuti mphunzitsi wopuma ankafuna kutchuka ku Ulaya ndi mitembo yathu. Wina anaponya chithunzi chawo ali pachulu ndi foni, n'kulemba kuti akudikira azungu awaimbire. Wina, amene ndikudziwa kuti anamuphunzitsa ndi iwowo sitandade 8, analemba kuti nkhalamba zizipuma. Kale mawu otere akanathera pakhomo, ine ndekha ndikanawaona. Tsopano ankalowa okha. Ndinkafufuta, koma pamene ndikufufuta anthu anali atawerenga kale, ataseka kale, ena atajambula n'kutumizirana. Chinthu chenicheni chimene a Kamwendo anatsekera gulu chinayamba kuluma iwowo, m'gulu limene analimanga ndi penshoni yawo, ine ndili mlonda.

Ndinalemba mawu owateteza. Ndinafotokoza kuti anaimba mafoni mmawa wonse, kuti anafuna kulipira wailesi, kuti kutseka tinagwirizana tonse atatu. Anthu anayankha kuti taonani kudzichepetsa kwa mayiyu. Kumsika wa Kasakula mayi wina anandiwonjezera anyezi, akuuza anzake kuti ndi awa anatsegula aja. Ndinafika kunyumba osakumbukira njira imene ndadzera. Ndinalembera kampaniyo, Tadala ukukumbukira unandithandiza Chingerezi, kupempha kuti awabwezere. Yankho linabwera nthawi yomweyo, loti chigamulocho sichisintha. Sindikhulupirira kuti pali munthu amene anawerenga.

Pomaliza ndinapita kwawo. Akazi awo anandiuza kuti ali kudimba. Ndinawapeza akuthirira nazale ya fodya, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Ndinaima kumapeto kwa bedi mpaka anamaliza keni imene anali nayo.

"Anamuika bwino?" anafunsa, asanandipatse n'komwe moni.

"Anamuika bwino."

"Malume ake ananena okha?"

"Ananena okha. Ndinamva."

Anagwedeza mutu n'kupita kukatunganso. Atabwera ndinatulutsa foni yanga, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, tengani. Manambala olowera ndakulemberani. Muziyang'anira ndi dzina langa, palibe adzadziwe. Ine ndibwerera ku ya mabatani."

Anaiyang'ana foniyo, kenako anandiyang'ana ine, ndipo anaseka pang'ono, koma osati kuseka kwa pakhonde kuja.

"Ndizilowa m'nyumba yanga nditavala chitenje chanu? Ayi, mayi Nambewe. Ndakalamba, sichingandikhale."

"Ndiye ndilisiya. Life lokha."

"Mukalisiya alipatsa uja waponya chithunzi changa. Mukufuna iyeyo aziimbira amasiye?" Anaika keni pansi. "Ndikuuzeni chinthu chimodzi, ndipo sindidzachinenanso. Mayi uja akanabwera pakhonde panga, mwina inenso ndikanatsegula. Ndaganiza kwambiri, sindikudziwa. Koma ine ndikanakuimbirani kaye. Mukanandiimbira, ndikanakalipa, ndikanadula foni, koma ndikanamva kwa inu. Ine ndinamva kwa mwana wogulitsa mayunitsi."

Ndinayang'ana mbande za fodya mpaka zinayamba kuoneka ziwiriziwiri.

"Bwererani, dzuwa lakula," anatero. "Ndipo musamafufute zonse zonena ine. Zina n'zoseketsa."

Lero

Kutseka magulu kuja kunatha popanda chosintha. Magulu anatsegulidwa limodzilimodzi, malamulo atsopano anakhala. Gulu lathu lilipo ndipo lakula. Uthenga wa maliro ukalowa ndimathamangira foni, ndipo ndikapeza kuti ndi wabodza ndimafufuta n'kuyamba kupepesa anthu amene alira kale. Fanuel sanandiyankhulenso. A Kamwendo anatuluka m'gululo mwakachetechete, ndipo nkhani za m'mapiri muno amazimva kwa akazi awo.

Sindinong'oneza bondo kuti a Wiliyamu anaikidwa ndi mawu a kwawo. Mukadzamva anthu akunena kuti amayi anu anachita bwino, musatsutse. Koma mudziwe kuti chinatayika tsiku lija sichinali changa, ndipo amene analipira si ine.

Timapempherabe tchalitchi chimodzi. Lamulungu lililonse tikatuluka, a Kamwendo amandidikira pa masitepe pamene pali anthu ambiri. Amavula chipewa, amawerama pang'ono, n'kunena mokweza kuti, "Mwadzuka bwanji, eni gulu?" Anthu amamwetulira, amaona ngati ndi ulemu wa munthu wamkulu amene sasunga zinthu kukhosi. Mwina ndi choncho. Mwina ayi. Sindinawafunse, ndipo iwo sanaphonyepo sabata.

Ine ndimagwira m'manja, n'kuyankha kuti ndadzuka bwino, aphunzitsi, kaya inu.